Fizika ya mphira wa njinga

Ndinalowanso m'kalasi ndili ndi ndevu. Ana amene ndinawapeza mmenemo, ena anali oti ndikanatha kuwabereka kumbuyo pothawa nkhondo, ndipo tsiku loyamba anaimirira onse n'kundipatsa moni poyesa kuti mphunzitsi ndine. Atazindikira kuti ndikusaka pokhala ngati iwo omwe, anaseka mpaka ena kugwa pa njerwa zawo. Pa njerwa, eya, chifukwa mabenchi anali atasonkhezeredwa moto kalekale ndi anthu amene ankagona m'sukulumo nthawi ya nkhondo. Malata nawo anapita. Kalasi yathu inali makoma anayi, bolodi lasimenti lokumbikakumbika, ndi mtanda umodzi wa denga umene unakana kupsa. Mitambo ikangoti bii pa phiri la Tumbine, tinkadziwa kuti maphunziro a tsikulo atha.

Tinali titangobwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya kwa malire. Bambo anatsala m'njira popita, mayi tinawaika kumsasa komweko, choncho amene anabwera nane kuno ku Milange anali atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi. Chuma chonse chimene tinaoloka nacho chinali makasu, lona wofolera denga ndi njinga. Njingayo ndiyo inkadyetsa pakhomo. Atsibweni ankapita nayo kumidzi ya cha ku Majaua kukatenga chimanga ndi nyemba za anthu, n'kudzazitula pa malire pamene ogula a ku Malawi ankadikirira. Koma mawondo awo anali atayamba kukana. M'mawa ankadzuka chogwirira khoma, ndipo aliyense pakhomopo ankadziwa kuti njinga ikudikira ine.

"Iwe mphwanga," anatero tsiku lina akumata chubu, "sukulu sindikukaniza ayi. Mayi ako anandilumbiritsa. Ndipalasabe mpaka ulembe mayeso akowo. Ukakhoza, pita ukaphunzire uphunzitsi, ine ndiona chochita. Ukalephera usadzandilongosolere zambiri. Udzangobwera n'kugwira mahandulo."

Mawuwo anali achilungamo, ndipo ndinawavomera. Kosi ya uphunzitsi inkafuna munthu wokhoza maphunziro onse a kalasi ya khumi, osasiyapo ngakhale limodzi, komanso inali ndi malire a zaka zakubadwa. Zanga zinali zitafika pamlomo. Nkhondo inali itadya zaka zimene anzanga a m'mayiko ena amakhala akuphunzira, ndipo chaka chimenecho chinali chomaliza kuti andilandire. Sindinkalota zazikulu ine. Ndinkangofuna ntchito yoima pamthunzi, yoti mawondo anga adzafike ku ukalamba ali athunthu.

Chipwitikizi changa chinali chotsimphina, ndiye maphunziro ofuna kulongolola ndinkangowaloweza ngati katekisimu. Koma fizika, abale inu, ndinaikonda. Mmenemo munalibe zoti lilime lako lapindika molakwika. Mphunzitsi wathu, amene monga mwa chizolowezi chakuno tinkawatchula kuti apulofesolo, anali munthu wowonda, wamkulu kwa ine pang'ono chabe, wa chifuwa chosatha. Nawonso anachokera kumsasa, kumene ankaphunzitsa pansi pa mtengo. Buku anali nalo limodzi, lopanda chikuto, ndipo ankayenera kutiphunzitsa za makalasi am'mbuyo zonse chifukwa palibe amene anazidutsa bwinobwino. Ine ankanditchula kuti akulu, mwina monyodola, mwina mwaulemu, sindinafunse.

Iwowo ndi amene anatiphunzitsa kang'ambidwe ka funso. Umagawa pepala m'mizati itatu. Mzati woyamba umalembamo zimene wapatsidwa, wachiwiri lamulo limene ligwire ntchito, wachitatu kuwerengera kwako, kenako yankho n'kulidula mzere kunsi. Ine ndinkaona ngati kusenda mbuzi: ukayamba pabwino chikopa chimangotsata chokha. Galimoto yachoka pakutipakuti ikuthamanga mwakutimwakuti, ifika nthawi yanji? Bokosi lili pa thabwa lopendekeka, pafunika mphamvu yochuluka bwanji kuti likwere? Ndinkamaliza ana aja asanasongole n'komwe mapensulo awo.

Chimene chinkandinyansa chinali dziko la m'bukumo. Galimoto yake inkayenda liwiro limodzi kuchokera poyambira mpaka pothera, pa msewu wowongoka. Msewu uti umenewo? Wa ku Molumbo, umene dalaivala ankayenda akuponda m'mapazi mwa galimoto inzake poopa mabomba okwiriridwa pansi? Chingwe cha m'bukumo chinalibe kulemera. Bokosi linkatsetsereka pa thabwa popanda kukhulana kulikonse, ndipo funso linkachita kukuuza kuti za kukhulanazo uziiwale. Asa! Ine amene Loweruka lililonse ndinkathandiza atsibweni kukankha matumba pa zitunda, wina andiuze kuti ndiiwale kukhulana?

"Apulofesolo," ndinafunsa tsiku lina, "anthu analemba bukuli anayamba akankhapo kanthu?"

Kalasi inaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. "Akulu, bukuli limayamba ndi zofewa. Zolimbazo tidzafikako."

Kenako tinafika pa mutu wa zinthu zotanuka. Apulofesolo anajambula pa bolodi kawaya kopotanapotana, n'kunena kuti imeneyo ndi mola, imene kutsidya amati sipuling'i. Lamulo lake linali losavuta. Ukapachikapo katundu mmodzi imatanuka mwakuti. Ukapachikapo awiri imatanuka kawiri kake, atatu katatu kake, ndipo ukachotsa imabwerera pomwe inali. Ukazijambula, mzere wake umatuluka wowongoka. Koma iwo sanali munthu wokhutira ndi choko. Ankakonda kunena kuti fizika ndi kuona, ndiye anatituma kuti tikasake mola kuti tidzadzionere tokha.

Mola m'boma lonse la Milange nthawi imeneyo! Wina anabweretsa ya pansi pa chishalo cha njinga, koma inali yolimba moti tinapachikapo mwala osasuntha n'komwe. Wina anati tikabwereke sikelo yopachika kwa ogula chimanga pa malire, kalasi yonse n'kukuwa kuti ayi, masikelo amenewo ndi otopa, amanama, ndipo ngakhale mwana amadziwa. Mawa lake mnzanga wina, wandevu ngati ine, amene anali atangotula mfuti n'kubwerera kusukulu, anafika ndi kanthu kokulunga m'sanza. Atafunyulula, inali mola yaitali, yakuda, yonyezimira mafuta. Ena sitinaizindikire msanga, koma apulofesolo anabwerera m'mbuyo.

"Mwaitenga kuti imeneyi?"

"Ikugwira bwinobwino, apulofesolo. Ndaipukuta."

"Ndafunsa kuti mwaitenga kuti."

Mtsikana wina wokhala kutsogolo ananyamuka n'kutuluka osapempha, ndipo tinamumva akulira kuseri kwa khoma. Apulofesolo analoza pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti chinthu cha m'kati mwa mfuti sichidzalowa m'kalasi mwawo iwo ali moyo, akachiponye m'chimbudzi. Mnzangayo anatukwana m'Chilomwe chapansipansi, koma anapita kukaponya. Tsiku limenelo mumtima ndinawaombera m'manja apulofesolo. Lero ndikamaganiza kuti imeneyo inali mola yokhayo yabwino imene tikanaiona, mtima wanga sudziwa poima.

Amene anapulumutsa phunzirolo ndine, ndipo ndinanyada nazo. Ndinamasula mphira pa kaliyala wa njinga ya atsibweni. Kwa amene sanakule kuno: timang'amba chubu chakutha m'zingwe zazitali, ndipo zimenezo ndizo zimamanga chilichonse, thumba, nkhuku, mtolo wa malata, ngakhale wodwala wopita kuchipatala. Tinaumangirira pa mtanda wa denga uja. Ana anasoka timatumba n'kuthiramo mchenga wofanana, woyeza ndi chitini chimodzi. Apulofesolo anaimika rula pambali, ine ndinakwera pa njerwa kukhala wopachika.

Kathumba koyamba, mphira unatsika pang'ono. Kachiwiri, unatsika kuposa poyamba. Kachitatu ndiye unachita kudzipereka. Titausiya choncho n'kumalemba manambala, tinapeza kuti watsikanso wokha popanda woukhudza. Titachotsa timatumba tonse, sunabwerere pa chizindikiro chimene tinaika ndi choko, unatsalira kunsi. Tinabwereza, tinasintha mphira, tinasintha wowerenga rula, koma mzere wathu pa bolodi unatuluka wopindika ngati msana wa nkhalamba, pambali pa wa m'buku wowongoka uja.

Ine sindinadabwe ngakhale pang'ono. Aliyense womanga katundu amadziwa kuti mphira umatopa. Ukamanga thumba m'mawa ku Majaua, pofika masana lalendewera, ndiye wanzeru amakoka mopitirira pang'ono pomanga, kuti kutopako kudzapeze malo. Ndinatembenukira kalasi ngati ndawina mlandu.

"Mwaona? Buku lanama."

Apulofesolo anayang'ana mizere iwiriyo nthawi yaitali, akupukuta choko m'manja. "Silinaname, akulu. Likunena za mola yabwino, ife tilibe. Koma maso anunso sananame, musawataye. Mzere wathuwu wapindika ndi umphawi." Anaseka pang'ono, n'kuwonjezera kuti tidzabwereranso pa mutuwu tisanalembe mayeso, kuti atifotokozere bwino pamene buku ndi maso zimasiyanirana.

Sitinabwererenso. Chifuwa chija chinawagwetsa nyengo yozizira itangotha, ndipo anawanyamula kupita nawo kuchipatala cha kutali, ku Mocuba. M'malo mwawo simunabwere munthu. Mphunzitsi wa masamu ankangodutsa nthawi zina kudzatilembera mitu pa bolodi. Mutu wonse wa magetsi tinaukopera choncho osaumva, ife anthu oti m'tauni mwathu mawaya ankangolendewera m'mapolo opanda kanthu. Ndinadziwiratu kuti pa mayeso za magetsi ndidzangotola nyenyeswa, ndipo kukhoza kwanga kudzachokera ku magalimoto, mabokosi ndi mola basi.

Ndinayamba kuwerenga ndi mnzanga wa mfuti uja. Tinkakhala pansi pa mitengo ya tiyi imene inakula n'kusanduka nkhalango chifukwa chosowa wothyola, n'kumapangirana mafunso. Mutu umodzi susenza denga, amatero, koma mitu iwiri yandevu imathanso kusenza denga lolakwika. Tinakambirana motere: anthu olemba mayeso ali ku Maputo, ndi anthu ophunzira kwambiri, ndipo sangakhale osadziwa kuti zinthu zimatopa. Mzere wowongoka uja ndi phala la ana. Kodi apulofesolo sananene okha kuti buku limayamba ndi zofewa? Ndiye pa mayeso enieni, amene akusankha anthu odzaphunzitsa anzawo, adzafuna kuona amene ali ndi maso.

"Epa, akufuna aone ngati ndife anthu oganiza," anatero mnzangayo. "Tiana iti tingoloweza. Ife tadya mchere wambiri."

Ndiye ndinawonjezera mzati wachinayi pa pepala langa. Pambuyo pa zopatsidwa, lamulo ndi kuwerengera, ndinkaika basela. Kuno palibe chimene chimaperekedwa chopanda kapamwamba. Wogulitsa nyemba akadzaza chitini amaponyapo kadzanja, womanga katundu amakoka mopitirira, wokuuza kutalika kwa ulendo amawonjezerapo za chitunda ndi za chubu chophulika. Munthu wopereka yankho lokwana ndendende timamuona ngati wouma mtima kapena wosadziwa ntchito. Choncho galimoto ikafika pa maola awiri mwa kuwerengera, ine ndinkaiwonjezera theka la ola. Bokosi likafuna mphamvu yakuti, ndinkaikapo ina ya kukhulana. Mola ndinkaipatsa kutopa kwake. Sindinkangoponya manambala mwachisawawa ayi, ndinali ndi muyeso wanga wochokera pa zimene tinaona pa mtanda paja, ndipo ndinkaulemba mwaukhondo.

Loweruka lina ndinawafotokozera atsibweni tikukankha njinga pa chitunda, iwo kutsogolo ine kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Anaima, n'kupumira pa thumba.

"Ndiye kusukuluko amaphunzitsanso zanzeru, eti?" anatero. Kanali koyamba kuti ayamikire sukulu yanga, ndipo ndinasangalala ngati kamwana.

Mayeso anafika pamodzi ndi mvula yoyamba. Anatilembetsera m'tchalitchi chifukwa ndi mmene munali denga, mapepala titatsamiritsa pa mabenchi, oyang'anira ali anthu achilendo ochokera kuchigawo. Nditatembenuza pepala la fizika, mtima unakhala pansi. Galimoto inalipo. Bokosi pa thabwa linalipo. Mola nayo inalipo, yojambulidwa bwino ndi makina: ikapachikidwa kilo imodzi imatanuka masentimita awiri, nanga ikapachikidwa makilo atatu? Ndinamwetulira. M'mzati wachitatu ndinapeza asanu ndi limodzi, monga mwana aliyense akanapezera. M'mzati wachinayi ndinalemba m'Chipwitikizi changa chotsimphinacho kuti chinthu chikalemedwa chimatopa, n'kuika asanu ndi awiri, n'kudula mzere kunsi kawiri. Mafunso otsatira ankadalira yankho limenelo, ndiye ndinapitiriza nalo lomwelo mpaka pansi pa tsamba. Chimodzimodzi pa galimoto, chimodzimodzi pa bokosi. Za magetsi ndinalembapo zimene ndinakumbukira. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba, n'kuwamvera chisoni ana amene ankafunsana panja kuti iwe wapeza zingati, onse n'kumatchula nambala imodzimodzi ngati mbuzi zotsatana.

Zotsatira zinabwera chimanga chili m'mawondo. Maphunziro amene ndinkawaopa aja ndinawoloka onse, ena mokwawa. Fizika ndinapeza nove, ndiye kuti malikisi asanu ndi anayi, pamene wokhoza amayambira pa dezi, malikisi khumi. Kachidutswa kamodzi, abale. Mtsikana amene analira tsiku la mola uja anakhoza bwino kwambiri, ndipo ndikunena mosabisa kuti tsiku limenelo sindinamufunire zabwino. Mnzanga wa mfuti analephera pafupifupi zonse, ndiye kwa iye fizika inali maliro amodzi pakati pa ambiri. Anaseka, n'kunena kuti iye apita ku Beira kukasaka ntchito ya ulonda, ndipo sindinamuonenso.

Apulofesolo anali atabwerako kuchipatala, atatsala mafupa okhaokha. Ndinawapeza atakhala pakhonde pa kanyumba kawo kaudzu, ndipo sindinapereke n'komwe moni woyenera.

"Andibera," ndinatero. "Mundithandize kudandaula."

Anandiuza kuti ndiwalembere pansi mmene ndinayankhira. Ndinatola kamtengo n'kujambula mizati yanga inayi pa dothi. Anayang'ana, n'kufunsa kuti wachinayiwu ndi wa chiyani. Nditawafotokozera anagwira pakamwa. Ndinkayesa aseka, koma ayi.

"Mayo ine, akulu. Munali mutakhoza. Apa, pa mzati wachitatu apa, munali mutakhoza zonse."

"Nanga si inu munati fizika ndi kuona? Si inu munati maso tisawataye?"

"Ndinatero."

"Ndiye ndalakwa chiyani? Mphira uja sunatsike tonse tikuona?"

"Unatsika. Koma funso silinanene za mphira."

"Mola, mphira, sikelo, mawondo a atsibweni anga, ndi chiyani chimene sichitopa m'dziko muno? Ndionetseni chimodzi!"

Sanandionetse, chifukwa analibe. Anangoti pepani, ndipo kupepesako kunandikwiyitsa kuposa kulephera kwenikweniko. Anandiuza za mayeso achibwereza, ndipo ndinafufuza, koma malo a kukosi anali atadzaza kale ndi amene anakhoza ulendo woyamba. Chaka chotsatira zaka zanga zinali zitadumpha malire. Madzi akatayika saoleka.

Kunyumba atsibweni anasunga mawu awo, sanafune kumva zambiri. Ndinayamba kulongosola za mzati wachinayi, iwo anangokweza dzanja. Analowa m'nyumba, anatulutsa njinga, pampu ndi kachitini ka guluu, n'kuziika patsogolo panga. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, anatambasula miyendo yawo yotupa ija, ndipo ndinaona pankhope pawo mpumulo umene ankayesetsa kuubisa. Sindinawade nazo. Munthu anali atapalasa chaka chathunthu ndi mawondo akufa chifukwa cha lumbiro kwa mlongo wake. M'mawa mwake ndinapita ku Majaua.

Zaka zinadutsa ndili pa chishalo. Ndinakwatira, ndinaika atsibweni m'manda, ndinasintha matayala osawerengeka. Anthu anamanganso nyumba, masitolo a pa malire anadzaza, sukulu ija anaifolera malata atsopano. Ine chimene ndinamanga chinali nkhani imodzi, ndipo ndinkaikamba paliponse pamene apanjinga timapumira. Ndinkati ine sindinalephere, anandilepheretsa anthu a m'maofesi amene sanamangepo thumba chibadwire. Anzanga ankavomereza, chifukwa nawonso amadziwa mphira. "Iwe ndiye unakhoza, mbale," ankatero, "iwowo ndi amene sadziwa." Musaipeputse nkhani yotere. Munthu ukamakankha matumba awiri pa chitunda dzuwa lili paliwombo, umafunika kanthu koti uzitafuna mumtima, ndipo ine ndinkatafuna kameneko. Ntchito ya pamthunzi anandilanda, koma kukhoza kwanga ndinali nako.

Tsiku lina m'mawa ndili pa siteji kudikira katundu, ndinamva munthu akuitana kuti akulu. Anali apulofesolo, imvi zitayamba, koma chifuwa chitawasiya. Tinkaonana m'tauni mwa apo ndi apo n'kumangopatsana moni wapatali. Anati kwabwera mabokosi awiri a zipangizo za sukulu, mphatso yochokera kunja, ndipo lole yawatsitsira pomwepo. Anafuna munthu wosamala woti awafikitse. Ndinakweza limodzi pa kaliyala, iwo akuyenda pambali atagwirizira ngati tanyamula mazira.

Titafika ndinalitula m'kalasi momwe muja. Munali mabenchi, mawindo, ndi fungo la penti. Ana anali panja pa nthawi yopuma. Ndinatembenuka kuti ndizipita, koma iwo anali atayamba kale kukanula bokosilo.

"Dikirani, akulu. Bwerani muone."

Ndikanadziwa ndikanathawa. Anatulutsa kachitsulo koimika pa tebulo, rula yake yomatirira pomwepo, tizitsulo tolemera tofanana tokhala ndi ngowe, ndi mola. Inali yaing'ono, yoyera ngati siliva, yopepuka moti mphepo ikanaiulutsa. Anaipachika, n'kundipatsa tizitsulo tija m'manja.

"Pachikani ndinu. Munali wopachika wathu."

Ndinapachika kamodzi. Inatsika, inagwedera pang'ono, n'kuima. Ndinawerenga pa rula. Ndinapachika kachiwiri, inatsika chimodzimodzi ndendende. Kachitatu, chimodzimodzinso, osapitirira ngakhale ndi tsitsi. Ndinachotsa tonse, ndipo inabwerera pomwe inayambira ngati sinanyamulepo kanthu.

"Ndi yatsopano," ndinatero. "Dikirani itope."

Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Ndinapachika tonse n'kuisiya choncho, ine nditawerama, diso lili pa rula, kudikira kuti itsike yokha ngakhale pang'ono pokha. Ndikunena zoona, ndinkaipempherera kuti itope. Ndinaikoka ndi chala n'kuisiya, inavina n'kukaima pomwe paja. Thukuta linandituluka ngati ndili pa chitunda. Chinthu chimene ndinawauza pakhonde paja kuti andionetse chinalipo, ndipo chinalipo nthawi yonseyo, kwinakwake kumene ana amachigwira ali aang'ono n'kuchizolowera. Anthu a mayeso aja sanandibere. Ankafunsa za chinthu chenicheni, chimene ine ndinali ndisanachionepo.

Sindinalire pamene zotsatira zinabwera, sindinalire pamene atsibweni anandiikira njinga patsogolo. Koma pamenepo, pamaso pa kawaya kosakwana chala, m'maso munadzaza. Ndinamva kuwawa kumene sindinakumvepo, chifukwa tsiku limenelo ndi limene ndinalepheradi mayeso aja. Apulofesolo anayang'ana kumbali. Ndikuganiza kuti ankayesa akundipatsa mphatso, ndipo anazindikira mochedwa chimene anandichotsera.

Belu linalira. Ana anayamba kukhamukira m'kalasi, n'kuzungulira tebulo akukankhana, aliyense akufuna kugwira. Ndinawapatsa malo. Ndili pakhomo, apulofesolo anandiitana, mawu awo ali otsika.

"Akulu, latsala bokosi lina lija ku siteji. Mungathe?"

Ndinati ndingathe, n'kupita kukalitenga.